Kusanjanso katundu m'cold room ndi m'mafiriza: momwe ntchito ikuyendera

Sabata yomaliza ya Sepitembala

Tayamba ntchito yosanjanso katundu m'cold room, chipinda chozizitsira katundu cha kuseri kwa shopu yathu kuno ku Lilongwe, pamodzi ndi madipu firiza anayi a kutsogolo. Chimene tikufuna n'chakuti katoni iliyonse, kaya ili pakona kaya pakati, kaya pansi kaya pamwamba, izikhala pa -18°C kapena kutsikirapo, usana ndi usiku. Muyezo umenewu ndi umene uli mu Codex Alimentarius, malamulo a chakudya amene amayendetsedwa ndi FAO ndi WHO, nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi zaumoyo. Okutobala ali pakhomo, dzuwa layamba kale kuswa mtengo, ndiye ngati pali nthawi yokonza zinthu ndi ino, katundu wa Khirisimasi asanayambe kufika.

Chipindacho ndi cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 kukwera m'mwamba. Evaporator, bokosi la mafani awiri lotulutsa mpweya wozizira, ili pamwamba pakhoma la kumapeto, moyang'anizana ndi chitseko. Timasungamo nkhuku zathunthu ndi zidutswa, nyama ya ng'ombe, masoseji, chambo ndi mackerel.

Kawotchi ka pachitseko koonetsa kuzizira kwa chipinda kamasonyeza -19 kapena -20 pafupifupi nthawi zonse, ndipo aliyense wodutsa amati zinthu zili bwino. Koma ukalowa n'kugwira katundu, ndi nkhani ina. Makatoni a pakona ya kumanzere, pafupi ndi chitseko, afewa ndipo ena amatirirana. M'mapaketi a nkhuku a pamenepo muli ayezi wofiirira chapansi: ndi madzi a magazi amene anatuluka nkhuku itafewa, kenako n'kuundananso. Pomwe chambo chimene chimakhala kutsogolo kwenikweni kwa mafani chatuluka zigamba zotuwa mbuu kumchira ndi m'zipsepse, mnofu utauma. M'chipinda chimodzi chomwecho, mbali ina katundu akufewa, mbali ina akupsa ndi mphepo.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Sabata ino sitinasunthe katoni ndi imodzi yomwe. Tinati tiyambe tadziwa pamene pakutentha ndi pamene pakuzizira, kuti tisamakonze mongoganiza.

Tagula ma thermometer a singano otchipa oyezera kutentha, ndipo tisanawakhulupirire tinayamba tawayesa. Timadzaza kapu ndi ayezi wophwanyaphwanya, kuthiramo madzi pang'ono, kutakasa, n'kuviikamo singano osagunda pansi pa kapu. Yabwino imaima pa 0°C. Imodzi inaima pa 2, ndiye taimata tepi yolembedwa kuti woyeza azichotsera 2. Poyeza katundu timalowetsa singano pakati pa mapaketi awiri ogundana m'katoni, kutseka katoniyo, n'kudikira mpaka nambala itasiya kusintha. Mpweya wa m'chipinda umanamiza: umakwera chitseko chikangotseguka n'kutsikanso posakhalitsa. Nyama ndiyo imasintha pang'onopang'ono, ndipo ndi imene imakuuza zimene zakhala zikuchitika masiku onsewa.

Tinajambula mapu a chipinda m'kope la pakauntala n'kumalembapo m'mawa tisanatsegule shopu, ndi masana cha m'ma 3 koloko. Pafupi ndi evaporator katundu ali pa -21. Pakati pa chipinda, -17 ndi -16. Pakona ya kumanja, -15. Katoni ya pansi pakona ya kumanzere, yogunda khoma, ili pa -11 m'mawa ndi -9 masana. Nthawi yonseyi kawotchi ka pachitseko kali pa -20.

Mmisiri wa mafiriji amene amationera makina anabwera Lachinayi. Gasi anapeza kuti ndi wokwanira, kompuresa, injini yopopa gasiyo, ili bwino. Kenako anang'amba kachidutswa ka jumbo yopyapyala, n'kukamangirira kunsonga ya ndodo ya mopu, n'kuyamba kuyenda nako m'chipinda atakweza m'mwamba. Patsogolo pa mafani kanali kupepeluka mowongoka. Atangodutsa mulu wa makatoni a nkhuku umene unali utafika pafupi ndi denga, kanagwa n'kungoti lende. Pakona ya kumanzere sikanagwedezeke n'komwe.

"A manijala, makina anu alibe mlandu," anatero. "Tabwerani muone kuseri kwa bokosili." Anandilozera kawaya kokhala ndi kamutu kakuda, kolendewera pamene mpweya umalowera mu evaporator. "Nambala ya pachitseko ija ikuchokera apa. Kamayeza mpweya wa apa pokha basi. Za pakona paja sikadziwa."

Mmene ziyenera kuyendera ndi motere. Mafani amaponya mpweya wozizira motsata denga mpaka kukhoma la kuchitseko. Kumeneko umatsika, n'kubwerera chapansi ukudutsa pakati pa katundu ndi m'mbali mwa makoma, ukutola kutentha konse kumene wapeza, mpaka kukalowanso kuseri kwa evaporator. Ukafika wofundirako, kawaya kaja kamauza kompuresa kuti ipitirize. Ukafika wozizira, kompuresa imapuma. Kwa ife, mpweya ukangotuluka m'mafani umamenya mulu wa makatoni uja, n'kutembenuka pomwepo kubwerera kumene wachokera, usanagwire ntchito iliyonse. Kawaya kamamva kuzizira, kompuresa n'kuzima, theka la chipinda lisanafikiridwe. Zili ngati ngalande ya kudimba imene yatsekeka kumtunda: pampu ikulira bwinobwino, bedi loyamba lasefukira, koma mabedi a kumunsi ali gwa.

Palinso nkhani ya makoma ndi pansi. Mapanelo a cold room amachepetsa kutentha kolowa koma sakutsekereza konse. Kumalowabe pang'onopang'ono tsiku lonse, makamaka khoma la kumanzere limene kunja kwake kumawomba dzuwa la masana. Mpweya wozizira ukamadutsa pakhomalo umanyamula kutenthako. Katoni ikagunda khoma, kutenthako kumathera m'katonimo.

Sabata yachiwiri ya Okutobala

Tinadikira katundu achepe, ndipo Lamulungu m'mamawa, shopu ili yotseka, tinatulutsa zonse. Zina zinalowa m'madipu firiza, zotsala m'galimoto ya firiji imene amene amatibweretsera nkhuku anatibwereka. Tinazimitsa makina, ayezi yense n'kusungunuka, kutsuka, n'kupukuta mpaka pansi pataumiratu tisanayatsenso.

Makatoni a pakona paja tinawapatula n'kutsegula paketi iliyonse. Onse amene anali ndi ayezi wofiirira sanabwererenso pa malonda. Ndi ndalama imene yapita, ndipo zinatiwawa, koma kuzizira sikupha tizilombo monga salmonella, kumangotiimitsa. Nkhuku imene sitikudziwa kuti inafewa mpaka pati komanso kwa maola angati, sitingaipereke kwa mayi amene akukaphikira ana ake.

Tsopano pansi ponse pali mapaleti a pulasitiki okweza katundu masentimita 15, muyezo womwe ulinso mu Food Code ya FDA, bungwe loyang'anira chakudya ndi mankhwala ku America, kumene amati mainchesi 6. Mapaletiwo tawaika mipata yake ya kunsi ikuloza kuchitseko ndi ku evaporator, kuti mpweya wobwerera uzidutsa pansi pa katundu. Paleti yoikidwa mopingasa imatseka njira imeneyi, ndipo kachidutswa ka jumbo kaja kanatisonyeza zimenezi pomwepo. M'mbali mwa makoma tagoneka matabwa pansi, kuti ngakhale munthu akankhe paleti ndi mphamvu, pazitsala masentimita 10. Sitinakhome msomali uliwonse m'mapanelo, chifukwa bowo lililonse ndi polowera chinyontho. Pakati tasiya kanjira ka masentimita 80, ndipo mulu ndi mulu pazilowa chikhatho.

Chachikulu ndi pamwamba. Tazunguliza tepi yofiira m'makoma, molingana ndi kunsi kwa evaporator. Palibe katoni yodutsa mzere umenewo. Kunsi kwa evaporator ndi mita imodzi kutsogolo kwake tapaka penti yachikasu pansi, ndipo pamenepo mulu suzipitirira m'chiuno. M'mashelefu a waya tachotsamo makatoni amene anyamata ankayala kuti mapaketi asamakodwe. Ankachita ndi mtima wabwino, koma shelefu ya waya anaipanga ndi mipata dala.

Eni shopu atalowa Lolemba anaima pakanjira kaja n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. "Ndiye malo onsewa azingokhala? Lendi ndi magetsi timalipira za chipinda chonse." Funsoli ndi loona, chifukwa makatoni olowa achepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndinawayankha kuti, "Mayi, malo amenewa sakungokhala. Ndi mmene mukudutsa kuzizira kumene tikulipirako. Tikawadzaza, ndiye kuti tikulipira magetsi ozizitsa pakona imodzi." Ndinawapatsa kope la mapu lija ndi mndandanda wa makatoni amene tataya. Tagwirizana kuti nkhuku tiziitanitsa kawiri pa sabata m'malo mounjika kamodzi.

Pofika Lachitatu, pakati pa chipinda panali pa -19, pakona ya kumanja -18, ya kumanzere -16. Kompuresa tsopano imalira nthawi yotalikirapo isanapume, ndipo mmisiri akuti ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa yayamba kumva za chipinda chonse.

Sabata yachitatu ya Okutobala

Lachisanu m'mawa manambala a pakati anali atakwera kufika -14 ngakhale mizere yonse inatsatidwa. Chifukwa chake sichinavute kupeza. Chadzulo lake tinalandira nkhuku zongophedwa kumene kuchokera kwa alimi a m'mbali mwa tauni, ndipo zinalowa m'makireti odzaza tho, osanjikizana, pakati pa katundu woundana kale.

Apa ndikufuna ndifotokoze bwino, chifukwa mashopu ambiri ang'onoang'ono timachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Cold room ngati yathuyi anaipanga kuti izisunga zinthu zimene zaundana kale. Kuundanitsa nyama yaiwisi ndi ntchito ina, yolemera kwambiri, imene m'makampani akuluakulu imagwiridwa ndi blast freezer, firiza ya mphepo yamphamvu youndanitsa zinthu mwachangu. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi imene ili kale pa 0°C isanduke ayezi, pamafunika kuchotsamo ma kilojoule 334. Ndi mphamvu yofanana ndi yozizitsa madzi omwewo kuchoka pa 80°C kufika pa 0°C, ndipo nthawi yonse imene izi zikuchitika thermometer simasuntha. Mnofu wa nkhuku, pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse ndi madzi. Mukawerengera, kilogalamu imodzi ya nkhuku yongophedwa kumene imalemetsa makina kuposa makilogalamu makumi angapo a nkhuku imene yabwera itaundana kale pa -15. Kutentha konseko kusanafike ku evaporator kumayamba kwadutsa m'makatoni oyandikana nawo.

Nkhuku yatsopanoyo nayonso imaonongeka. Madzi ambiri a m'nyama amaundana pakati pa -1 ndi -5°C. Nyama ikadutsa msanga pamenepa, ayezi wake amakhala tinthu ting'onoting'ono. Ikachedwa, amakula n'kung'amba mnofu mkati, ndipo tsiku losungunula madzi onse amathera m'mbale, nyama n'kukhala yowuma pophika. Clarence Birdseye wa ku America anaona zimenezi ku Labrador m'zaka za m'ma 1910, kumene nsomba zowedzedwa m'chisanu choopsa zinkaundana nthawi yomweyo n'kumakomabe patapita miyezi, ndipo m'ma 1920 anapanga makina oundanitsa chakudya mwachangu. Nkhuku ya pakati pa kireti yodzaza, yozunguliridwa ndi zinzake zofunda, ikhoza kugona usiku wonse isanaume.

Blast freezer sitingaikwanitse panopa. Chimene tachita n'chakuti nkhuku zatsopano ziziyamba zazizira m'firiji wamba zitakhetsa madzi, kenako zizilowa m'mapaketi, mzere umodzi wokha pa kireti, osagundana. Makireti amenewa ali ndi shelefu yakeyake kumanja, pamene mphepo yotsika kuchokera kudenga imadutsa mwamphamvu, kutali ndi makatoni ena. Zizilowa pang'onopang'ono, madzulo chitseko chitasiya kutsegulidwa, ndipo zikauma gwa m'pamene zizipita m'makatoni. Alimi tawapempha kuti azitibweretsera zochepa koma pafupipafupi. Mmodzi anadandaula za mtengo wa mayendedwe, ndipo tikukambirana zoti tizigawana.

Sabata yomaliza ya Okutobala

Tafika ku madipu firiza. Anyamata, atamva za mipata ya m'cold room, anayamba kusiya mipata m'menemonso, ndipo zinatengera kukhala pansi kuti timvane. Dipu firiza ilibe fani. Mapaipi ozizitsa ali m'kati mwa makoma ake, ndipo mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umangokhala pansi ngakhale mutsegule chivundikiro. M'menemo katundu woundana ndiye amasunga kuzizira, choncho yodzaza imakhazikika kuposa yatheka. Chofunika ndi kusadutsa mzere umene opanga anajambula m'kati chakumwamba. Pamwamba pa mzerewo palibe mapaipi okwanira, ndipo paketi yogunda chivundikiro, makamaka chagalasi, ndi imene imayamba kufewa.

Mpata umene dipu firiza imafuna uli kunja. Mafiriza ambiri a masiku ano amatayira kutentha m'makoma akunja, n'chifukwa chake mukagwira m'mbali mumamva kufunda. Athu anali ogundana onse anayi, atakankhidwira kukhoma, ndipo pa kazenera ka kompuresa ya imodzi panali patatsamira matumba a mpunga. Tawatalikitsa masentimita 10 kuchoka kukhoma ndi pakati pawo, matumba achoka, ndipo imene inali pakhomo pamene pamafika dzuwa la m'mawa tailowetsa m'kati.

Imene ili ndi katundu wochepa taikamo mabotolo a madzi oundana pansi. Sitidzaza mpaka kukamwa, chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100. Mafirizesi ndi zakumwa zofunda zimene zinkaponyedwa pamwamba pa nyama tazipatsa firiza imodzi yakeyake. Ayezi wa m'makoma akafika theka la sentimita tizipala ndi chopalira cha pulasitiki. Mpeni ndaletseratu: mapaipi ali pafupi kwambiri, ndipo gasi wa m'mafiriza ambiri atsopano, R600a kapena R290, amayaka moto.

Lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka chakumadzulo. Jenereta yathu imanyamula cold room yokha, ndiye mafiriza anayesedwa tisanakonzekere. Tinamata tepi pa zivundikiro zitatu n'kumagulitsa kuchokera mu imodzi. Yodzaza imene sinatsegulidwe inachoka pa -20 kufika -17. Imene tinkagulitsiramo, yomwe inali yatheka, katundu wa pamwamba anafika -10. Unduna wa zaulimi ku America, USDA, umati firiza yodzaza yosatsegulidwa imasunga chakudya pafupifupi maola 48, yatheka maola 24. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, ine sindingadikire mpaka pamenepo, koma kusiyana kwa yodzaza ndi yatheka tadzionera tokha.

Sabata yachiwiri ya Novembala

Mvula yoyamba yagwa ndipo vuto lasamukira pachitseko. Mpweya wa kunja tsopano uli ndi chinyontho chambiri. Chitseko chikatseguka, wozizira umatuluka chapansi, wofunda n'kulowa chapamwamba, ndipo chinyontho chake chimakaundana pa evaporator poti ndi pamene pali pozizira koposa. Lolemba ndinapeza timipata ta kuseri kwa bokosi lija titatsekeka ndi ayezi woyera mbee pafupifupi theka. Mafani akulira, koma kachidutswa ka jumbo sikakufikanso nako mphepo kuchitseko. Mipata yonse imene tinasiya ija ilibe ntchito ngati mpweya ukulephera kudutsa mu evaporator momwemo.

Tapachika katani ya mizere ya pulasitiki yokhuthala m'kati mwa chitseko. Mphira wa m'mbali mwa chitseko tinauyesa ndi pepala: kulipana pachitseko n'kukoka. Pamwamba ndi m'mbali linkakana, koma pakona ya pansi kumanzere linangosololoka. Ndi pakona yomwe ija. Mphira wasinthidwa.

Makina amadzisungunula okha ayezi, zimene amati defrost, kanayi pa tsiku, pogwiritsa ntchito mahita a mu evaporator. Tinapeza kuti nthawi imodzi imagwera 10 koloko m'mawa, pamene galimoto ya nkhuku imafika. Ndiye kuti chitseko chili chotsegula, katundu akulowa, kompuresa itazima ndipo mahita akuyaka. Mmisiri wasuntha nthawizo kuti zizigwera pamene chitseko chili chotseka. Wakonzanso hita ya m'paipi yotulutsa madzi imene inali itapsa, moti madzi osungunuka ankaundana m'thireyi n'kumadonthera pansi. Anandichenjezanso kuti, "Mukaona kawotchi kakwera nthawi ya defrost musathamangire foni, bwana. Yezani nyama. Ikakhala ili pomwe inali, zili bwino." Condenser, mbali ya makina yokhala panja yotayira kutentha, inali itamatirira fumbi la chilimwe chonse ndi nthenga, ndipo taitsuka ndi burashi yofewa makina atazimitsidwa. Tiziitsuka mwezi uliwonse.

Zina ndi za khalidwe la ife anthu. Wolowa azilowa ndi mndandanda wa zimene akukatenga, osati kukaganizira m'katimo chitseko chili pululu. Mayi a pakauntala amasonkhanitsa maoda n'kutuma kamodzi. Kuika kireti pachitseko kuti chisatsekeke kwatha, ndipo kuti anyamata asamaope kutsekeredwa, chogwirira cha m'kati chakonzedwa ndipo aliyense wachiyesa yekha ali m'katimo. Palibe wolowa osauza mnzake.

Sabata yomaliza ya Novembala

Sabata ino inali ya funso loti chiyani chikhale pati. Malo ofundirako m'chipinda chilichonse ndi a pafupi ndi chitseko, ndiye pamenepo taika zimene zimatuluka msanga: zidutswa za nkhuku, mapazi ndi nthutumba, zimene sizitha masiku ambiri zisanagulidwe. Zokhalitsa zapita kumapeto. Mackerel ndi masoseji ndi zamafuta, ndipo mafuta amasintha fungo ngakhale ataundana, makamaka kuzizira kukamakwera n'kutsika, choncho zili kumene manambala sasuntha. Nkhuku ndi nyama yaiwisi zili m'mashelefu a pansi, masoseji pamwamba, kuti tsiku limene makina adzaime, madzi a nkhuku asadzadonthere pa china chilichonse.

Chambo ndicho tachisamala koposa. Mwezi uno nyanja imatsekedwa kwa makoka kuti nsomba ziswane, ndiye chimene tinagula mu Okutobala chiyenera kutifikitsa kutali. Zigamba zotuwa zija zimabwera chifukwa mphepo youma ya m'mafani imakoka madzi pa nsomba yosakutidwa. Ayeziyo amachoka pa nsomba osasungunuka n'kukaunjikana pa evaporator. Nsomba imapepuka pa sikelo, imataya kukoma, ndipo makina amatsekeka msanga. Tsopano chambo chikauma timachiviika kamphindi m'madzi aukhondo ozizira kwambiri n'kuchibwezeramo, kuti chivale chikhungu chopyapyala cha ayezi. Mphepo ikamakoka madzi izikoka a chikhungucho. Kenako chimalowa m'pulasitiki yokhuthala, mpweya titaufinya, n'kupita m'katoni yotseka. Mphepo tikufuna izizungulira katoni, osati izigunda nsomba.

Katoni iliyonse ikamalowa timailemba tsiku ndi maka yaikulu mbali ziwiri, kuti lizioneka ngakhale itatembenuzidwa. Yatsopano imapita kumbuyo kwa mzere, yakale kutsogolo. Izi zathandizanso chitseko, chifukwa munthu safufuzanso mulu wonse kuti apeze chimene akufuna.

Sabata yachiwiri ya Disembala

Katundu wa Khirisimasi wayamba kufika, ndipo Lachiwiri mzere wofiira unayesedwa koyamba. Galimoto inabwera ndi makatoni ochuluka kuposa amene tinaitanitsa, dalaivala akuti kuli bwino titenge lero chifukwa sabata ya mawa nkhuku zisowa. Wamkulu wa anyamata onyamula katundu, bambo amene akhala pa shopu pano kuposa tonsefe, anaima pachitseko n'kuwerenga malo otsala. "Achimwene, zolowa ndi izi. Zinazo mubwere nazo Lachisanu, kuno kulibe malo." Pamwamba pa mzere malo analipo ooneka ndi maso, koma palibe amene anawatchula. Eni shopu anali pomwepo ndipo anavomereza.

Tisanatsitse katoni tsopano timayamba tayeza m'galimoto momwemo. Zofika pa -15 kapena kutsikirapo zimalowa m'mizere. Zofundirapo zimayamba zakhala pa shelefu ya mphepo ija usiku umodzi, ndipo timalemba pa risiti kuti otitumizira adziwe.

Manambala a sabata ino, chipinda chili chodzaza mpaka pa mizere: pafupi ndi evaporator -20, pakati -19, pakona ya kumanja -18. Kawotchi ka pachitseko kali pa -20, ndipo tsopano kakusiyana ndi katundu wa pakati ndi digiri imodzi yokha. M'madipu firiza katundu wa pamwamba ali pa -18, wa pansi -21.

Pakona ya kumanzere sipanafikebe. M'mawa pamakhala -18, koma masiku a dzuwa pofika 3 koloko pamakwera mpaka -16. Mphira ndi watsopano, mpata wa kukhoma ulipo, mphepo ikufika ngakhale mofooka. Chatsala ndi khoma lenilenilo. Kunja kwake masana kumatentha moti dzanja silikhalitsapo, ndipo mmisiri wapeza kuti polumikizira mapanelo awiri chapansi, silikoni anasweka ndipo pakuchita thukuta. Pakadali pano pakonapo tachotsapo paleti imodzi n'kusiyapo makireti opanda kanthu.

Loweruka tikumanga mthunzi wa malata kunja kwa khomalo, motalikira theka la mita kuti mphepo izidutsa pakati, ndipo mmisiri adzamata polumikizira paja tsiku lomwelo. Tafunsanso mtengo wa data logger, kachipangizo kolemba kuzizira kokha usiku wonse, ndi belu lolira manambala akadutsa -15, chifukwa kope lathu silidziwa zimene zimachitika pakati pa 7 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa. Paleti ya pakona ibwerera pamalo pake pokhapokha singano ikasonyeza -18 masana kwa sabata yathunthu mthunzi utamangidwa.